Tinaika Lusiyano kafukufuku wa ngozi asanathe

Mng'ono wanga Lusiyano tinamuika m'manda kwathu ku Nkhulambe boma lisananene chimene chinagwetsa minibasi imene ankayendetsa. Minibasiyo inalephera kukhota polowa pamlatho wina wa msewu wa ku Migowi, n'kugwera m'khwawa. Anafa iyeyo ndi amayi awiri ochita malonda. Mmodzi wa amayiwo anali wa mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo anali ataikidwa dzulo lake.

Tsiku la malirolo ndinadzuka kusanache. Kugona kwake kunali kongotsamira thumba la makaka, chinangwa chouma, pakhonde la amalume. Kunali chiperoni, phiri losaoneka. Moto wa amuna amene anachezera panja unali utatsala makala okhaokha, eni ake atadzipinda m'majekete. M'nyumba ya siwa amayi anali atasiya kuimba, mawu atawathera. Kuseri ena anali atayamba kale kusonkha moto wophikira, koma nkhuni zinali zonyowa ndipo chinkatuluka ndi utsi basi. Kalongonda anali atamutereka dzulo, poti ndiwo imeneyi sichedwa pang'ono kupsa.

Choyamba chimene ndinaona ndi kuchepa kwa adzukulu. Kwathu manda timakumbirana ndi midzi yoyandikana, ndipo pofika m'bandakucha makasu amakhala atanyamuka kale. Tsikuli ananyamuka ndi a m'mudzi mwathu okha. Adzukulu a mudzi wa mayi uja sanabwere, ndipo palibe anafunsa chifukwa chake. Mbiri inali itafala kuyambira ku Migowi kuti Lusiyano ankathamangitsana ndi minibasi inzake, kulimbirana anthu okwera. Ena ankawonjezera kuti anali atalawa. Kondakitala wake, amene anali gone m'chipatala ndi mwendo wothyoka, anauza mlamu wanga Esitere, mkazi wa malemuyo, zosiyana ndi zimenezi. Anati Lusiyano anaponda mabuleki kangapo, phazi likungofika pansi, kenako anakuwa kuti anthu agwiritse. Koma anthu ankati kondakitala sangamunenere zoipa dalaivala wake.

Ine ndinagwirapo ntchito yolemba nkhani m'nyuzipepala ku Blantyre, m'zaka zimene manyuzipepala ndi maminibasi anachulukira limodzi matipate atabwera. Choncho nditangofika ndinapita kukafunsa mmene kafukufuku wa ngoziyi akuyendera. Mwini wake wa kafukufukuyo ndi boma: apolisi a pamsewu ndi katswiri woyeza magalimoto. Iwowa ndi amene amalemba lipoti. Koma anaitananso mabungwe akunja amene amadziwa za ntchitoyi kuti akhalepo: la eni maminibasi, la madalaivala, ndi kampani ya inshuwalansi. Lililonse linatumiza munthu mmodzi. Munthuyo amaloledwa kuona galimoto ikamayezedwa, kufunsa mafunso, ndi kupempha kuti chitsulo chakutichakuti chimasulidwe chionedwe. Salemba nawo lipoti. Ndipo pali lamulo limodzi limene onse anavomera: wonena kunja zimene waona lipoti lisanatuluke, amuchotsa. Nditafunsa ngati wachibale angakhale nawo, anandiyankha mwaulemu kuti ayi. Nditati nanga mtolankhani, anaseka.

Ndiye kuti m'bwalo limenelo Lusiyano anali ndi munthu mmodzi yekha womuyang'anira, a Makwinja a bungwe la madalaivala. Iwowa anali ataiona kale galimotoyo kamodzi, itakokedwera kupolisi. Kumasula matayala ndi mabuleki kunali kusanachitike. Zimenezo anati zidzachitika Lachiwiri, katswiri akadzabwera ndi zida zake.

Dzuwa silinatuluke, kunangoyera. Anyamata anali ataika masamba pamsewu mbali zonse ziwiri, ndipo apanjinga ankatsika n'kumakankha, zipewa zili m'manja. Anthu anabwera kudutsa m'minda ya nandolo, nsapato zitalemera ndi matope. Amayi ankafika ndi nkhuni kapena kambale ka ufa pamutu, n'kuyamba kulira akayandikira nyumba. Achikulire ankapatsana moni m'Chilomwe, motsitsa mawu. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito zaboma, amene ambiri si akuno, anapatsidwa mipando ya kutchalitchi. Kenako anafika madalaivala, minibasi zawo zili mbuu ndi matope, akudandaula za msewu. Wina anati nayenso akafa asadzamubweretse kudera ngati lino, adzangomusiya pa siteji. Anzake anamuuza kuti pa siteji pomwepo palibe angamutole. Anaseka pang'ono, kenako anakumbukira pamene ali.

Abale a mayi uja anabwera ndithu, koma mochedwa, ndipo anakakhala paokha pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo. Mwamuna wake anali pakati pawo, atavala jekete lomwe anavala dzulo lake pa maliro a mkazi wake. Chakudya chitawapeza, anachibweza.

Mwini minibasi sanabwere. Anabwera mlembi wa bungwe la eni maminibasi, yemwenso anali nthumwi yawo pa kafukufuku, atanyamula nkhata yaikulu ya maluwa apulasitiki.

A Makwinja atangofika, Esitere anatuma mayi wina kuti awaitane. Tinakumana kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe: iye, amalume, a Makwinja ndi ine. Kwathu bokosi lisananyamuke, wa kubanja amaimirira n'kufotokozera anthu chimene chatenga malemu. Mawu amenewo ndi amene anthu amapita nawo kwawo. Ntchitoyi inali ya amalume, ndipo usiku wonse anali asanapeze chonena.

"Bambo, galimoto ija munaiona," anatero Esitere. Mawu ake anali atasasa. "Kunsi kwake munasuzumirako?"

"Ndinasuzumirako, mayi."

"Ndiye muimirire lero muwauze anthuwa zimene munaona. Ineyo angoti ndi mkazi wake. Kondakitala akuti ndi mnzake. Inu akumverani."

A Makwinja anavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola. "Mayi, ndikangotsegula pakamwa pano, Lachiwiri pageti andibweza. Mkatimo mutsala a eni galimoto ndi a inshuwalansi. Ndani akapemphe kuti amasule tayala lakumbuyo? Ndani akanene kuti kondakitala amufunse?"

"Lachiwiri mwamuna wanga akhala ali pansi," anatero Esitere. "Anthu awa Lachiwiri kulibe. Ali pano lero. Taonani uko, akukana ndi chakudya chomwe. Ana anga azitunga madzi pa mjigo umodzi ndi ana a mayi uja."

Amalume anandiyang'ana, poti ndine wa kutauni ndipo ndimayenera kudziwa. Ndinati a Makwinja akunena zoona. Esitere anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, inu mawa mukwera basi," anatero, n'kubwerera m'nyumba.

Zinali zoona.

Uthenga wochokera kumanda unachedwa, chifukwa okumba anali ochepa ndipo dothi linali lolemera ndi madzi. Tinadikira mpaka dzuwa litapendeka, ngakhale silinkaoneka. Anthu anaona nkhope, bokosi linatulutsidwa pabwalo, ndipo zolankhula zinayamba. Amalume anaimirira, manja kumbuyo. Ananena dzina la malemu, kumene anabadwira, ana amene wasiya. Pa za imfa anangoti, "Mwana wathuyu watisiya pa ngozi ya galimoto, pamodzi ndi amayi awiri amene tikuwaliranso. Chimene chinachititsa, aboma akufufuza." Anakhala pansi. Pansi pa mango paja wina ananena mokweza ndithu kuti, "Akufufuza chiyani, poti tonse tikudziwa?" Akulu a mpingo anachita ngati sanamve.

Kenako woyendetsa mwambo anaitana mlembi wa eni maminibasi. Anayankhula bwino, mosathamanga. Anapepesa mabanja onse atatu. Za mabuleki kapena za galimoto sanatchule, choncho lamulo lija sanaliphwanye. Koma anati bungwe lawo latopa ndi kulangiza madalaivala za liwiro, ndipo imfa ngati izi zikhale phunziro kwa anyamata amene amaiwala kuti anyamula miyoyo ya anthu. Pansi pa mango anavomereza. Kumene kunakhala madalaivala kunamveka kung'ung'udza. Ndinaona chinthu chimodzi: ponena zonsezi, bamboyo sankayang'ana bokosi kapena anamfedwa. Ankayang'ana a Makwinja. Atamaliza anawonjezera kuti mwina mnzake wa bungwe la madalaivala ali ndi mawu, poti galimoto anakaiona limodzi.

Madalaivala anayamba kuwakankha a Makwinja. "Imirirani, akulu! Auzeni!" A Makwinja anaimirira. Anayenda mpaka pafupi ndi bokosi, n'kunena kuti, "Zikomo a mpingo, zikomo anamfedwa. Ine galimoto ija ndinalowa kunsi kwake, ndipo..."

Sanapitirize. Kumaliro kwathu, wolankhula akatalikitsa kapena akayamba kulowera kolakwika, amayi a kumpingo amangoyambitsa nyimbo, ndipo munthu amadziwa yekha kuti akhale pansi. Nthawi zonse amayambitsa ndi mtsogoleri wawo. Tsikuli anayambitsa ndi Esitere, ali pamphasa pambali pa bokosi, ndi mawu osasa aja amene sankamveka bwino n'komwe. Namfedwa sayambitsa nyimbo. Amayi anadabwa kaye, kenako anailandira, ndipo bwalo lonse linatsatira. A Makwinja anaima pomwepo kanthawi, chipewa m'manja, akumuyang'ana. Iye sanadzutse mutu. A Makwinja anabwerera kukakhala. Mlembi uja anayang'ana wotchi yake.

Ulendo wa kumanda unali wapang'onopang'ono. Njira ndi yopapatiza, yodutsa m'minda ya chinangwa, ndipo onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi chifukwa cha kuterera. Madalaivala ananyamula nawo, nsapato zawo za m'tauni zikumira. Mvula yowaza inayambiranso. Ana a malemu anayenda kumbuyo kwa bokosi atagwiridwa manja ndi azakhali awo. Manda a mayi uja sali kutali ndi njirayo, ndipo tinadutsa tikuona dothi lake lofiira, nkhata zisanafote.

Kumanda mwambo unali waufupi. Adzukulu athu anali atatopa kotheratu, ndipo pokwirira anathandizidwa ndi aliyense amene anapeza khasu. A mudzi woyandikana uja anaima patali. Palibe mmodzi wa iwo anagwira khasu. Mlembi uja anaika nkhata yake, n'kunyamuka pemphero lomaliza lisanathe, kuopa kuti msewu ungamutsekere.

Pobwerera ndinapezeka ndikuyenda pambali pa mwamuna wa mayi uja. Tinayenda limodzi mpaka pamphambano yopita kwawo. Pamenepo anaima.

"Bambo aja amafuna kunena chiyani?" anafunsa.

Ndinati sindikudziwa, ndipo saloledwa kunena mpaka aboma atamaliza.

"Ndiye mkazi wa dalaivalayo anawatsekeranji pakamwa, ngati zinali zomukomera?"

Ndinamufotokozera za lamulo lija mwachidule. Anamvetsera, koma sindinganene kuti anakhulupirira. Anangoti akakamasula galimotoyo, wina adzabwere kudzamuuza pamaso, asadzamvere pa siteji. Anakhota n'kumapita osatsanzika.

Pofika madzulo bwalo linali litatsala mapazi okhaokha m'matope. Mipando inabwezedwa kutchalitchi, miphika yobwereka inatsukidwa n'kuvundikirwa pathandala, masamba pamsewu anachotsedwa. Phulusa la moto wa amuna linali litanyowa. Minibasi za madalaivala zinachoka kusanade, ndipo a Makwinja anakwera yomaliza. Potsanzika anagwada pakhomo la siwa.

Ndinalowa m'nyumba kukatsanzika, poti m'mawa mwake ndinali wa ulendo. Munali amayi achikulire ochepa, ena atagona kale. Ana anali atagona pamphasa pamene panali bokosi. Esitere anali atatsamira khoma, miyendo atatambasula. Ndinakhala pansi chapatali n'kumufunsa chimene chinamusintha maganizo.

"Sindinasinthe, alamu," anatero. "Mpaka pano ndikufuna akadanena. Koma ndinaona mmene bambo wa nkhata uja amawayang'anira. Munthu amene mawuwo akanamupweteka sakanawaitana kuti ayankhule. Amafuna kuti Lachiwiri awabweze pageti."

Anakonza nsalu imene anafunditsa mwana wamng'ono.

"Mawa kumjigo ndipita ndekha," anatero. "Anawa asapiteko kaye."

Lachiwiri katswiri wa boma akuyembekezeka kumasula matayala ndi mabuleki a minibasiyo kupolisi. A inshuwalansi akakhalapo, mlembi wa eni maminibasi akakhalapo, ndipo a Makwinja pageti akawalowetsa. Tsiku limene lipoti lidzatuluke sanatiuze. Likadzatuluka, kaya lidzanena zotani, amalume avomera kuti tidzapita limodzi kumudzi woyandikana uja kukamuuza mwamuna wa mayi uja pamaso.