Utsi wa Mapesi ku Crumlin

Chaka chimene tinapatsidwa kadimba m'munda wa anthu a m'dera lathu ku Crumlin, kuno kudziko la Aairishi, amuna anga anasanduka mlimi wamkulu. Kamalo kake kanali kongokwana nyemba, maungu ndi chimanga pang'ono, koma akamakafotokoza kutchalitchi mukanayesa esiteti ya fodya. Ndinkawaseka, komabe nanenso ndinkakakonda. Ndikaweruka kosamalira okalamba, mtima wanga unkakhala m'malo ndikagwira dothi limenelo.

Titakolola, iwo anachita zimene munthu wa kwathu amachita osafunsa: anaunjika mapesi n'kuyatsa. Ankafunanso phulusa loti ndipangire chidulo, poti thelele la soda wa m'sitolo amati silikoma. Anangoiwala kuti kuno mvula siisankha mwezi, mapesi sauma. Moto sitinauone n'komwe. Tinaona chiutsi choyera chikukwawa pansi, kudumpha mpanda, n'kukalowa m'zovala zimene eni nyumba zoyandikana ndi mundawo anayanika.

Mayi wachikulire wachiairishi amene amayang'anira mundawo anafika ndi ndowa ya madzi, akutsokomola. Atazimitsa anatiuza mosakalipa kuti kuotcha zinyalala n'koletsedwa, ndipo m'nyumba zimenezo muli ana odwala mphumu. Komiti ya mundawo ikambirana ngati tikhalebe ndi malowo.

"Bambo, plot yathu ikupita chifukwa cha thelele," ndinawauza m'basi, nditakwiya zenizeni.

"Ndiye mapesi abwinobwino tiziponya mu bin?" anayankha motsitsa mawu. Sabata yonse sanatchulenso za ulimi, ndipo ndinawamvera chisoni.

Tsiku la komiti tinapepesa. Mayi aja anafunsa chomwe tinkafunira phulusa. Kufotokoza kunandivuta, choncho ndinatsegula kabakuli ka thelele kamene ndinabwera nako. Anatunga ndi supuni, thelele n'kubwerera lokha m'kabakuli. Anatunganso, linathawanso. Anaseka mpaka kupukuta misozi, komiti yonse n'kuyamba kulimbana nalo. Sindinganame kuti onse analikonda. Bambo wina anameza ngati akumwa mankhwala.

Kenaka mayiwo ananena zimene anagwirizana. Mapesi ambiri azipita kudzenje la manyowa. Ochepa tiziwaumitsa m'kanyumba ka makasu mpaka azithyoka okha, ndipo tiziwayatsa pang'onopang'ono pa mbaula tsiku limene olima m'mundawo amaotcha nyama pakutha pa nyengo yolima, mphepo ikamawomba kuchoka kunyumba za anthu. Owuma chonchi safuka kwenikweni. Phulusa likhala langa, ndipo malowo ndi athube.

Ndinasangalala mpaka ndinaiwala kuthokoza m'Chingerezi. Nditacheuka kuti ndione nkhope ya amuna anga, pampando panalibe munthu. Ndinawapeza kudimba, jekete la kutchalitchi lili pampanda, akuunga mizere m'kamvula kozizira, miyezi yambiri nthawi yodzala isanakwane.