Imelo Imene a Mawaya Anaitsekera Kunja

A Mawaya anagwira ntchito pa kampani ina zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso. Ofesi yawo inali kachipinda kopanda windo kuseri kwa masitepe, kozizira ngati mufiriji, momwe makina a netiweki ankalira tsiku lonse. Mawaya onse a m'nyumba ya kampaniyo anawakoka okha, akukwawa m'denga tochi ili kukamwa, kale mawondo asanayambe kudandaula.

Ulaliki wawo unali umodzi, ndipo aliyense anauloweza. Imelo ikakufulumizitsa, ikati dina apa msanga, lemba pasiwedi yako, ameneyo ndi wakuba. "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada," ankatero, chala chili m'mwamba. Anthu ankawatsanzira akatembenuka. Komabe mlembi wa abwana, mayi wamantha ndi makompyuta, sankatsegula imelo yachilendo asanawaitane, ndipo zaka zonsezo palibe wakuba wa pa intaneti amene analowa.

Ndiye kulikulu la kampani kunachokera lamulo. Aliyense woyang'anira netiweki akhale ndi satifiketi ya chitetezo mwezi wa Juni usanathe, apo ayi mpando aupereke kwa amene ali nayo. Anthu akulikulu ndi otero, sanaonepo munthu akukwawa m'denga, amangoona mapepala.

Munthu wa imvi anabwerera pabenchi. Loweruka lililonse ankakwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya matayala, m'kalasi yonunkha labala, kukamvera mphunzitsi wa msinkhu wa mwana wawo woyamba. Zambiri ankazidziwa ndi manja, koma mayina ake a m'buku ankawaterera m'mutu. Mayeso oyamba anagwa. Mafunso ankafuna yankho la m'buku, iwo ankayankha la m'kachipinda. Unatsala mwayi umodzi, Loweruka lomaliza la Juni.

Anatopa, kunena zoona. Akaweruka ankakhala patebulo nsapato asanavule, akazi awo n'kumawawerengera mafunso a patimakadi, akupotoza mawu achingerezi mpaka funso kusanduka lina.

"Abambo, mwagona kapena mukuganiza?"

"Ndikuganiza."

"Kuganiza kwake kochita nkonono? Yankhani, ine ndatsala pang'ono kukhoza mayeso amenewa."

Kutatsala milungu iwiri, Lachiwiri m'mawa, inabwera imelo. Inati a bungwe la mayeso asintha makina olembetsera, ndiye aliyense adine linki pasanathe masiku awiri, alembe pasiwedi yake, atsimikize malo ake, kupanda kutero malowo apita. Adiresi yake sinali ija ya masiku onse. A Mawaya anaseka koyamba mwezi umenewo. Kufulumizitsa kulipo, linki ilipo, pasiwedi akuifuna, chitsanzo chenicheni cha pa mutu wachisanu wa buku lawo! Anaitchinga adiresiyo kuti chilichonse chochokera kumeneko chisalowenso pa kampani. Imeloyo anaipulinta, n'kuzunguliza zizindikiro zitatu zija ndi cholembera chofiira, n'kuimata pakhoma pafupi ndi ketulo kuti ena aphunzirepo.

Tsiku la mayeso anafika ola lathunthu nthawi isanakwane, malaya osita bwino, chiphaso m'thumba. Mayi wa pakhomo anayendetsa chala pa mndandanda kutsika, n'kukweranso.

"Bambo, dzina lanu mulibe. Munatsimikiza malo?"

"Ndinalembetsa kalekale, mayi, mu Epulo."

"Kulembetsa inde. Koma tinatumiza imelo yoti mudine."

A Mawaya anamuyang'anitsitsa mayiyo. "Ija ya masiku awiri? Ija inali yanu?"

"Yathu. Tinakumbutsa katatu."

"Komatu mayi, inalembedwa ngati ya akuba. Ndi zimene mumatiphunzitsa inu nomwe kuti tisadine!"

"Ine sindiphunzitsa, bambo, ndimangoona mndandanda. Makompyuta onse olembera mayeso ali ndi eni ake lero. Mayeso ena ndi mu Ogasiti."

Sanakalipe, mphamvu yake analibe. Anakhala pabenchi ya panja n'kumaona anzawo a m'kalasi akulowa mmodzimmodzi, ngakhale uja ankasunga pasiwedi yake pakapepala kuseri kwa foni. Onsewo anadina. Atafika kunyumba akazi awo anangowayang'ana kumaso, n'kusonkhanitsa timakadi tija patebulo.

Lolemba analowa m'kachipinda mwawo n'kutsegula malo amene makina amasungira zotchingidwa. Zikumbutso zitatu zija zinali pamenepo, zondandalikana bwinobwino, mpanda wawo utagwira ntchito yake mosalakwitsa. Anaziwerenga kawiri. Ngakhale tsopano zinkaonekabe ngati za akuba, ndipo chimenecho n'chimene chinawapweteka kwambiri.

Abwana anawamvera nkhani yonse atagwira chibwano. Anali munthu wabwino, anaimbadi foni kulikulu iwo ali pomwepo, koma yankho linali lalifupi.

"Pepani, a Mawaya. Akuti tsiku lomaliza silisintha. Munthu wawo afika Lolemba likubwerali. Mumuonetse zonse, makiyi ndi mapasiwedi. Inu akuti muzithandiza za mapulinta."

"Chabwino, bwana."

Potuluka anadutsa pa ketulo paja. Pepala lawo linali likadali pakhoma ndi mizere yake yofiira. Analimatula, n'kulipinda kanayi, n'kuliika m'thumba la malaya momwe munali chiphaso.

Asanafike pamasitepe, mlembi anawakodola monga mwa masiku onse.

"A Mawaya, tabwerani mundionere iyi. Akuti ndidine lero lomwe. Ndi yeniyeni kapena ndi akuba aja?"

Anawerama, navala magalasi. Anaona adiresi, anaona linki, anaona mawu ofulumizitsa aja. Mlembi ankadikira chala chili pa mausi, akumwetulira, pakuti ankadziwa kale mwambi umene ukubwera.

Mwambiwo sunabwere. A Mawaya anaweramuka pang'onopang'ono atagwira msana, navula magalasi.

"Sindikudziwa, mayi," anatero. "Mudikire wa satifiketi."