Masamba a Pamsewu

Tsiku limenelo tinalipo anthu asanu ndi mmodzi. Ine, mwana wanga wachiwiri amene amagwira ntchito ku Tete, shefi wake, ndiye kuti bwana wake wa kuntchito, yemwe ndi bambo wamimba wokonda kuseka, anzake awiri a ku ofesi, ndi mayi wina wamtali amene telefoni sinkachoka m'manja mwake. Anabwera pagalimoto, njinga atazimangirira pamwamba. Akuti adzapalase m'mapiri mwathu muno. Ndinafunsa kuti mukupita kwa yani? Akuti kwa munthu ayi, tikungozungulira basi.

Ine njinga ndimaidziwa. Chibwerereni kuno nkhondo itatha, kuchokera ku Malawi kumene tinathawira, ndakhala ndikukweza matumba a kachewere kupita nawo ku Ulongwe, awiri nthawi imodzi, pachitunda osatsika. Funsani aliyense ku Lifidzi. Koma munthu wandevu zake kupalasa tsiku lonse wopanda katundu, wopanda kumene akupita, ndinali ndisanaonepo. Nanga zovala zake. Makabudula omata thupi, chilichonse chimene Mulungu anapatsa munthu chikuonekera, kumutu zisoti ngati zikho. Mwana wanga anati, "Bambo, mutitsogolere, njira mumazidziwa ndinu." Ndinavomera, chifukwa n'zoona.

Tinadzera m'nkhalango ya bulugamu kuseri kwa Fonte Boa, n'kutulukira pamtunda pamene palibe mtengo, udzu wokhawokha ndi mphepo yolowa m'makutu. Njinga yanga yakuda ija inali patsogolo. Shefi ndi njinga yake ya magiya ambirimbiri ankapuma ngati ng'ombe yapangolo. Tinakumana ndi amayi atasenza nkhuni, alendowo anawajambula osawapatsa n'komwe moni. Moniwo ndinapereka ndine, m'malo mwa tonse. 

Pa chitsetso cholowera kudambo ndi pamene anandipitirira. Ine mabuleki anga ndimawadziwa, ndimatsika mwaulemu. Iwo anangodziponya, akukuwa ngati ana. Ndiye ndikuyang'ana kutsogolo, polowera m'mudzi, ndinaona nthambi za masamba aawisi atazigoneka mopingasa msewu.

Kwathu kuno ngakhale mwana woyamwa amadziwa. Masamba akakhala pamsewu, pamudzi pagwa maliro. Wanjinga amatsika n'kumakankha, wachipewa amavula, mpaka atadutsa masamba ena a kutsogolo. Ndinafuula kuti tsikani. Mawu anga amamveka kutsidya kwa dambo, choncho asanene munthu kuti sanamve. Woyamba anadzutsa tayala la kutsogolo n'kudumpha masambawo ngati masewera. Wachiwiri anawaponda. Wachiwiriyo anali mwana wanga. Enawo anatsatira, mayi uja akuseka.

Ndinatsika, ndinavula chipewa, ndinayamba kukankha. Abambo anali atakhala pansi pa mitengo, onse akundiyang'ana. Amayi amene ankalira m'nyumba anali atangoti zii. Ndinafunsa mnzanga wina chapansipansi kuti watisiya ndani. Ananditchulira. Anali munthu amene tinamanga naye zisakasa moyandikana ku Malawi, tinkagawana naye mchere. Uthenga unafika kwathu ife titanyamuka kale.

Kutsogolo kuja adzukulu, anthu okumba manda, anali atawaimitsa alendo anga, makasu ali m'manja. Wamkulu wawo anabwera kwa ine pang'onopang'ono.

"Achimwene, anthu amalisechewa ndi anu?"

"Ndi anga."

"Onse?"

"Wachisoti chofiirayo ndinabala ndine."

"Ooh. Timayesa ndi a kutali."

Bola akanandimenya khofi. Shefi anayamba kufotokoza m'Chipwitikizi kuti iwo sankadziwa. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, ushefi ndi wa ku Tete, pano ndi pamaliro. Ndinawabweza onse mpaka pa masamba oyamba aja, ndinawauza kuti avule zisoti, alowenso m'mudzi akukankha ngati anthu. Anakankha. Mayi wina wachifundo anamuponyera chitenje wamtali uja kuti abise miyendo. Amunawo panalibe chowaveka, anakhala pafumbi atafumbata mawondo, ana akuwasuzumira.

Ulendo unathera pomwepo. Ndinawalozera alendowo njira yobwerera, mwana wanga yekha ndinamuuza kuti sachoka. Tinaperekeza mnzanga kumanda. Pobwerako ndinapita kukapepesa kwa mwana wamkulu wa malemuyo, mwana amene ndinamunyamulapo pamsana tikuwoloka malire. Anandipatsa nsonga za zala zokha, maso ali kumbali. M'mudzi umene uja ndinkafika anthu n'kumandiyalira mphasa. Tsiku limenelo palibe anandiuza kuti mupite bwino.

Tinabwerera awiri, tonse tikukankha, ngakhale msewu unali wabwino. Tinafika kudambo. Kenaka mtima wa ubambo unandigwira, ndinafuna kumupezera pothawira. Ndinati mwina zaka za kutauni zakuiwalitsa, mwinanso liwiro linakulepheretsa kuona.

Anayenda pang'ono, chisoti chili lende pa chiwongolero, ndipo anati, "Ayi bambo, masambawo ndinawaona, ndipo ndinadziwa kuti ndi maliro. Koma ndinachita manyazi kutsika anzanga akuona."