Makutu a Bambo Singano

Anthu ankangowatchula kuti Singano, poti kwa zaka makumi anayi ankakonza magalamafoni m'kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wometa. Galamafoni ikamathamanga, oimba amamveka ngati tiana. Ikamachedwa, amabuula ngati odwala. Bambo Singano analibe choyezera liwiro. Ankangoika chimbale, kutsinzina, n'kumapotoza kasikulu ka pamota mpaka mawu atakhala m'malo mwake.

Tsiku lina kunabwera mayi wamasiye, atanyamula galamafoni ndi chimbale chimodzi chokha. Malemu amuna awo anaimbamo ali achinyamata.

"Lamba watha uyu, mayi. Mubwere Lachisanu."

Anaika lamba watsopano, n'kukonza liwiro ndi khutu monga mwa nthawi zonse. Lachisanu mayi aja anamvetsera pang'ono, kenaka anapukusa mutu.

"Pepani bambo, awa si amuna anga. Sankaimba mothamanga chonchi."

"Mwati bwanji?"

Mayiwo anabwereza katatu, mokweza, mpaka telala anasuzumira pakhomo.

Mwana wamkazi wa Bambo Singano anawatengera kuchipatala. Dokotala sanabise: makutu anali kufa, ndipo mankhwala panalibe. Mwanayo anawapezera kapepala kozungulira ka timadontho.

"Adadi, muzikaika pamene mumaika chimbale, pansi pa babu. Timadonthoti tikaoneka ngati taima, liwiro lili bwino."

"Ndiye nyimbo ndizimvera ndi maso?" anaseka, koma kuseka kwawo kosafika pamtima.

Atayesa pa galamafoni ya mayi aja, timadontho tinkayenda cham'tsogolo. Anapotoza kasikulu mpaka tinaima nji. Anayesanso magalamafoni ena atatu amene ankadikira eni ake pashelefu. Onse anali othamanga. Anakhala pansi, akuganiza za anthu amene mwina ankangonyamula katundu wawo mwaulemu osadandaula.

Mayi aja atabweranso, misozi inangoti mbwee nyimbo itangoyamba.

"Ndi iwowa! Ndi iwowa ndithu!"

Bambo Singano ankangoona milomo ikutsatira mawu. Iwo ankamva kulindima kokha.

Anagwirabe ntchito zaka zina ziwiri, makasitomala osadandaulanso, mpaka manja anayamba kunjenjemera ndi ukalamba, ndipo anatseka kachipinda kaja. Kunyumba ankakonda kuika chimbale masana, n'kusanjika chikhato pasipika.

Tsiku lina mwana wawo anawapeza ali chomwecho, akugwedeza mutu.

"Ndi nyimbo iti iyi, adadi?" anakuwa pafupi ndi khutu.

Anatchula ina, ya pachimbale chimene chinasweka kalekale. Mwanayo anangovomera kuti ee, n'kukhala nawo pansi mpaka inatha.