Dzanja Lamanzere Kuseri kwa Nsalu

Sinema yanga yoyamba ndinaionera kuseri. Nsalu yoyera inapachikidwa pakati pa nyumba yosungiramo mbatatesi. Azungu anakhala pamipando kumaso kwake, ife tinakhala pamatumba kumbuyo kwake. Zithunzi zinkabooleza ndithu, ndipo tinkadziona ngati tatola nkhwangwa ndi mpini womwe, poti palibe anatilipiritsa. Nthawiyo Lichinga ankamutcha Vila Cabral, ndipo ine ndinali ndi banja latsopano, mwana woyamba ali kumsana.

Anabweretsa sinemayo anali mzungu wa kantina yaikulu ya pamsewu wopita ku Lione. Anali munthu wosakalipa. Azungu anzake ankatukwana, iye ankangomwetulira n'kukufunsa za chifuwa cha mwana wako. Achimwene anga, amene ankagwira ntchito m'nyumba mwake, anandinong'oneza kuti munthuyo analemera pa nkhondo yaikulu ya azungu ija. Ankagulitsa katundu kwa awa, n'kukagulitsanso kwa adani awo, ndipo tsiku limene nkhondo inatha chakudya chinamukanika. Kuno malonda ake enieni sanali sopo kapena mchere. Ankalemba amuna a kontaratu, opita kukagwira ntchito ku minda ya khonje, kutali kunyanja ya mchere. Masipayi, apolisi a boma, akayamba kuyenda ndi zingwe m'midzi kugwira anthu a chibalo, amuna ankathamangira okha ku kantina, chifukwa wolembetsa kumeneko sankamangidwa, ndipo ankalandira manta, bulangete lochindikala. Masipayiwo akatopa ankakadya kuseri kwa kantina yomweyo.

Linali Lamulungu masana, m'nyengo yachisanu chathu chija cholowa mpaka m'mano. Mazenera anatsekedwa ndi masaka, m'kati munkanunkha dothi. Chilankhulo cha pansalu sitinkachimva, koma nkhani yake inali yosasowa womasulira. Panali mitundu iwiri ya anthu, wina pa nyenyezi iyi, wina pa nyenyezi iyo, ndipo pakati pawo panali nyumba yachitsulo yoyandama popanda mzati. Mwini nyumbayo anali wamtali, wa chijasi chofika kumapazi, nkhope yosalala, maso osaphethira. Ankatsikira kwa mfumu ya uku, kuinong'oneza kanthu, n'kuipatsa mfuti yolavula kuwala. Kenako ankapita kwa mfumu inayo, kuinong'onezanso, n'kuipatsa yokulirapo. Malipiro ake anali anyamata. Ankalowa pamzere m'nyumba yachitsulo ija, chitseko chinkatsika chokha, ndipo sitinaone ngakhale mmodzi akutuluka. Nyenyezi imodzi itayaka moto, iye anakhala pazenera akusenda chipatso, osafulumira.

Ndinachita mantha, sindikubisa. Mwana ndinamusuntha kuchoka kumsana kubwera pachifuwa. Koma chimene chinatipweteka kwambiri ife a kuseri sichinali moto ayi. Munthuyo ankapereka chilichonse ndi dzanja lamanzere. Mfuti ndi lamanzere, chikho cha vinyo ndi lamanzere, ngakhale moni kwa mafumu ndi lamanzere. Kwathu, kaya ndiwe wa kutchalitchi kaya wa kumzikiti, dzanja limenelo ndi la kuthengo, sulipatsira munthu ngakhale singano. Manong'onong'o anayenda pamatumba ponse: "Taonani, akupereka ndi manzere." Tinagwirizana kuti mafumu aja anali zitsiru, chifukwa mwano woterewu ngakhale mwana akanauona.

Tikudikira kuti wina amulange, makina anatsokomola n'kuzima. Mumdimamo tinamva mzungu wa kantina akuseka kumaso kwa nsalu. "Yatha, yatha," anatero m'chinyanja chake chopindika. Chitseko chitatsegulidwa tinapeza pakhomo pali tebulo, pamwamba pake mulu wa mamanta atsopano. Amuna angapo anaima pomwepo. Mwamuna wanga sanalembetse tsiku limenelo, koma anaima nthawi yaitali akuyang'ana, ndipo ine ndinkayang'ana iye.

Bambo a mwana wanga anali munthu wa mfundo. Ankatha kukufotokozera chifukwa chake nkhuku imadzuka m'mawa mpaka iwe n'kupepesa. Ndinkawakonda nazo zimenezo, ngakhale masiku ena ndinkalakalaka kuwatseka pakamwa ndi mbatatesi yamoto. Pobwerera kunyumba ndinayamba ndine.

"Bambo ake, musapiteko. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

"Ndiye ukufuna ndipite ndi chingwe m'chiuno? Masipayi afika kale ku Lione, mawa kapena mkuja ali pano. Ndipo mwanayu sukumumva mmene akutsokomolera? Tizimufunda chiyani, masaka?"

"Patarau uja, mzungu wa kantina, ndi yemweyo wa pansalu. Wangovula chijasi."

Anaima pakati pa njira n'kundiyang'ana mwachifundo, monga ankachitira akadziwa kuti apambana.

"Iwe maso uli nawo koma suona. Wa pansalu ankapereka ndi dzanja liti?"

"Lamanzere."

"Nanga patarau? Ine ndinaima dala kuti ndione. Manta iliyonse amapereka ndi lamanja, lamanzere atagwira pachigongono, ngati mwana wakuno. Munthu woipa dzanja limamuulula, amake mwana. Pakamwa panama, dzanja silinama."

Mtima unkakana, koma mtima suwina mlandu wopanda mboni. M'mawa mwake anapita ku kantina, anabwera ndi manta yofiirira, n'kumukulunga mwana. Anati kunyanja kumatentha, iye saifuna. Patapita masiku ochepa kamyau, galimoto yonyamula katundu, inawanyamula pamodzi ndi anzawo, ataimirira mothithikana kumbuyo, ndipo fumbi linandibisira nkhope yawo ndisanatsanzike bwino.

Chisanu chitayamba kutha, achimwene anabwera kudzandiona. Anandipeza ndikuchapa. Pofuna kudzilimbitsa mtima ndinawafotokozera mfundo ya alamu awo ija, ya dzanja losanama. Anandiyang'ana ngati ndikulankhula kutulo.

"Manzere ati, chemwali? Ine ndinali kumaso, ndikuthira vinyo. Munthu uja ankapereka ndi lamanja. Mwaulemu ndithu."

"Achimwene, tinaona tonse. Nyumba yonse ingalakwitse?"

Sanatsutsane nane. Anatenga chitenje changa chonyowa pachingwe, chija cha mbalame, n'kuchitambasula padzuwa.

"Mbalamezi zayang'ana kuti?"

"Kumsewu."

Anachitembenuza, kundionetsa kuseri kwake. Mbalame zomwezo zinali zitayang'ana kumunda.

Ndinakhala pansi, manja ali ndi thovu. Ndiye kuti mafumu aja sanali zitsiru. Analandira mfuti kuchokera ku dzanja lamanja, kwa munthu waulemu, wolankhula motsitsa. Mwano umene ife tinauona unali wa nsalu, ndipo mwamuna wanga anakwera kamyau atatsamira pa chizindikiro chimene kunalibe.

"Nanga patarau ankati chiyani poonera?" ndinafunsa.

Achimwene anayanika chitenje chija pang'onopang'ono asanayankhe.

"Pamene wa chijasi uja ankasenda chipatso paja, anauza anzake kuti m'sinema yonse munthu wanzeru ndi yekhayo."

A kontaratu ena anabwerako, oonda, mapazi ndi zikhato zili zipsera za minga ya khonje. Wanga sanali nawo. Wina anati anadwala m'mimba, wina anati anamusamutsira ku munda wina. Manda sindinawaone, maliro sitinalire, ndipo ndinakhala zaka osadziwa ngati ndimete kapena ndidikire. Mwana anachira chifuwa. Anakula akufunda manta ija mpaka inabooka, ndipo sindinathe kuitaya kapena kuikonda.

Chisanu chotsatira sinema inabweranso, yomweyo. Masipayi anali atayamba kale kuyenda. Ndinapita kukaima pakhomo, ndikugwira amayi pamkono mmodzimmodzi, kuwauza kuti nsalu imatembenuza manja, asakhulupirire zimene aone. Ena anandimvera chisoni, ena anaseka, ati imfa yosaoneka mtembo imasokoneza mutu. Analowa onse, masaka anatsekedwa pamazenera, makina anayamba kulira.

Ndinatsala panja ndekha. Posakhalitsa ndinamva manong'onong'o aja akudutsa pakhoma, mawu omwe aja a chaka chatha: "Taonani, akupereka ndi manzere." Nditacheuka ndinaona tebulo litaikidwa kale pakhomo. Mzungu wa kantina anali akusanja mamanta yekha, bwinobwino, ndipo atandiona anamwetulira n'kundifunsa ngati mwana anachira chifuwa.