Mapazi a Amisiri pa Masitepe

Anthu a mumsewu uja ankamutchula Mayi Chidendene, ndipo dzinalo sanamunamizire. Ukamupatsa moni, maso ake ankayamba athamangira ku zidendene za nsapato zako, nkhope yako n'kubwera pambuyo. Ankasoka nsapato m'kachipinda ka pansi pa masitepe a nyumba yosanja, momwe munkanunkha guluu, polishi ndi thukuta la mapazi a eni ake. Akatembenuza nsapato n'kuona mmene soli yadyekera, ankakuuza zako zonse: kuti umatsamira kumanja, kuti umayenda ngati wasiya mphika pamoto, kuti bondo lako layamba kudandaula. Ena ankaseka. Ena ankanyamula nsapato zawo osabweranso, poti si onse amakonda kuwerengedwa ngati nyuzipepala.

Lusoli analiphunzira kwa amuna ake, amene aliyense, ngakhale iye mwini, ankangowatchula kuti Amisiri. Anakalamba limodzi pa benchi imodzi, wina akudula labala, wina akukhoma misomali pa phazi lachitsulo. Kenako sitiroko inawagwira Amisiri. Anachira ndithu, koma mwendo wamanzere unayamba kutsalira m'mbuyo ngati mwana wokana sukulu. Akamakwera masitepe madzulo kupita kuchipinda chawo chapamwamba, nyumba yonse inkadziwa: khwee, gu. Khwee, gu. Mwendo wina ukukhwekhwereza, wina ukuponda.

Kuchipatala anawauza kuti mafuta achuluka m'magazi, ndipo anawapatsa mapiritsi otchedwa sitatini, amphamvu kwambiri, oti mitsempha isatsekekenso. Patapita nthawi nayenso Mayi Chidendene anakayezetsa, n'kumupeza ndi vuto lomwelo, koma iye anamupatsa a mphamvu yochepa. Apa ndi pamene panabadwira kachizolowezi kawo. Dzuwa likalowa, akatseka shopu, ankaika timbale tiwiri patebulo. Mkazi ankaika piritsi la mwamuna, mwamuna n'kuika la mkazi ndi dzanja limene sitiroko inalisiya lamphamvu.

"Imwani, Amisiri," ankatero mkaziyo. "Mungandisiye ndekha ndi nsapato za anthu."

"Inunso imwani," ankayankha. "Nanga ndani azindikalipira?"

Koma anamusiyadi. Tsiku lina masana, nsapato ya mwana wasukulu ili pamiyendo, Amisiri anangoweramitsa mutu ngati akufunafuna msomali wogwa, osadzukanso. Anasiya benchi, nsapato zawo zakuda pa shelefu, ndi mabotolo odzaza mapiritsi amene anali atangokatenga kumene kuchipatala.

Maliro atatha, abale atabalalika, Mayi Chidendene anakhala patebulo madzulo. Asanaganize n'komwe, dzanja linali litagwira kale ntchito yake: piritsi la Amisiri linali m'kambale kawo, loyera, likumuyang'ana. Analiyang'ananso. Kulibweza m'botolo kunali ngati kuwauza Amisiri pamaso kuti kuno kulibenso malo awo. Kulitaya ndiye ayi. Wosoka nsapato sataya kanthu. Msomali wopindika amauwongola, kachidutswa ka labala amakasunga m'chitini poti tsiku lina kadzatseka chibowo. Ndiye ataye mankhwala abwinobwino? Anamwa lake, kenako anatola la amuna ake n'kumwanso. Mawa lake anachita chimodzimodzi, ndipo mkuja sanaganizenso kawiri.

M'maganizo mwake munalibe choipa. Matenda ndi amodzi, mankhwala dzina ndi limodzi, ndiye vuto lili pati? Komatu safunsa anadya phula. Mlingo umene dokotala anayezera bambo wa sitiroko unali ukugwera pamwamba pa mlingo wa mayi wokalamba, wochepa thupi, ndipo thupi lake linayamba kulipira mwakachetechete.

Zinayamba ndi ntchafu. Zinkawawa ngati wayenda ulendo wautali, chikhalirecho tsiku lonse anali pa benchi. Anati ndi ukalamba. Kenako mapewa analowapo, nyundo n'kuyamba kulemera. Tsiku lina podzuka pa benchi anapezeka wagwira mawondo ndi manja onse awiri, n'kubuula kuti, "Eee, mafupa inu!" Anaima chilili. Mawu amenewo sanali ake. Ndi mmene Amisiri ankadzukira.

Madzulo ena, chisisira chitagwa, anatseka shopu n'kuyamba kukwera masitepe. Babu la pamenepo linali litapsa kalekale, ndipo kuwala kokha kunali kochokera pa kawindo ka pamwamba. Ali pakati, anamva. Khwee, gu. Anaima. Phokosolo nalonso linaima. Kunali zii, kupatula pompi wodontha kwa aneba. Anacheuka, koma kumbuyo kunalibe munthu, kunali masitepe okha otsikira mumdima. Anaponda sitepe ina. Khwee, gu. Anakafika kuchipinda atagwira khoma, mapaziwo ali naye limodzi mpaka pakhomo, ndipo atakhala pabedi nawonso anakhala chete.

Mmawa anachita chimene ankadziwa kuchita. Anavula nsapato yake yamanzere n'kuitembenuza. Soli inali itadyeka kutsogolo, cham'mbali mwa chala chachikulu, modyeka mosalala ngati yapalidwa ndi mpeni. Moyo wake wonse iye ankadya chidendene, osati kutsogolo. Anatsitsa nsapato ya Amisiri pa shelefu, anaipukuta fumbi, n'kuziika pamodzi pa benchi. Zinali zodyeka malo amodzi, mofanana ngati mapasa.

Munthu wina akanathamangira kuchipatala. Koma Mayi Chidendene ankakhulupirira soli kuposa pakamwa pa munthu, poti soli sinama. Ndipo soliyo inkamuuza chinthu chimodzi: Amisiri abwera, akuyendera m'miyendo yake. Anachita mantha, inde. Koma pansi pa manthawo panali chimwemwe chimene anachita nacho manyazi. Nyumba ija inali itakhala chete kwambiri. Tsopano madzulo aliwonse ankakwera masitepe pang'onopang'ono, akumvetsera, nthawi zina n'kumalankhula.

"Pang'onopang'ono, Amisiri. Palibe akutithamangitsa."

Makasitomala anayamba kuona kuti nsapato zikuchedwa, ndiponso kuti ulusi sukukokedwa molimba ngati kale. Iye sanasamale. Ngakhale tsiku limene anaona kuti mkodzo wake wada ngati tiyi wopanda mkaka, anangothira madzi msangamsanga, osauza munthu. Sankadziwa kuti imeneyo inali minofu yake ikusungunuka, ndipo zinyalala zake zikukatsamwitsa impso. Chimene ankachitcha kubwera kwa amuna ake chinali chikumudya wamoyo.

Amene anatulukira nkhaniyi anali mlamu wake, mlongo wa Amisiri, mayi wogulitsa nsalu, wa pakamwa posatseka. Anabwera kudzacheza tsiku lina chakumadzulo, ndipo Mayi Chidendene anamupatsa kiyi kuti atsogole kuchipinda iye akamatseka shopu. Mlamuyo anafika, anatereka madzi a tiyi, n'kukhala pampando atafulatira chitseko. Ndiye anamva kuchokera pansi, kukwera pang'onopang'ono. Khwee, gu. Khwee, gu. Anawadziwa mapaziwo. Anali atawamva zaka zambiri, ndipo mwini wake anamuona ndi maso ake akutsitsidwa m'manda. Mapaziwo anadutsa pakhonde, n'kudzaima kuseri kwa chitseko. Chogwirira chinatembenuka.

"Achimwene?" anatero mlamuyo.

Amene analowa anali Mayi Chidendene, thukuta lili kamukamu, akumwetulira.

"Mwawamva eti, alamu? Ndimayesa ndine ndekha."

Mlamuyo anangomuyang'ana akudzikoka mpaka patebulo, akutulutsa timbale tiwiri, akutsegula mabotolo awiri. Anamuona akumwa piritsi loyamba, kenako n'kutambasulira dzanja ku kambale kachiwiri. Apo ndiye pakamwa pake panabwerera. Anamugwira mkono.

"Alamu, mukutani? Awa si a malemu awa?"

"Ndi a Amisiri, ee. Ndimawamwera."

"Kuwamwera! Munayamba liti zimenezi?"

"Chichokereni iwo."

"Mayo ine! Ndiye mukuti miyendoyi ndi achimwene? Achimwene anga anali ndi nkhanza zotani kuti abwere kudzakupundulani? Taonani, kapu yomwe mukuinyamula ndi manja awiri!"

Mayi Chidendene anayang'ana kambale kaja. Polankhula, mawu ake anali apansipansi.

"Ndikasiya, apita."

"Mukapanda kusiya, mupita ndinu," anatero mlamuyo, n'kutola piritsilo, kulimanga pa nsonga ya mpango wake.

Mlamuyo anagona komweko. Mmawa Mayi Chidendene anayesa kudzuka pabedi, miyendo inakana. Anayesa kukweza dzanja kuti amange duku, dzanja linathera m'njira. Mlamuyo sanafunsenso chilolezo. Anaitana galimoto, anaponya mabotolo onse awiri m'chikwama, ndipo anthu awiri a m'nyumbamo anamutsitsa pa masitepe atamunyamula. Tsiku limenelo masitepe sanalire.

Dokotala anali mtsikana wodekha, wa nsapato zafulati zodyeka zidendene zonse ziwiri mofanana. Mayi Chidendene anaziona ali chigonere, n'kudziwa kuti ndi munthu woima tsiku lonse. Dokotalayo anawerenga mabotolo aja, anafunsa za mtundu wa mkodzo, anafunsanso ngati pali mankhwala ena alionse amene akumwa, ngakhale a chifuwa kapena azitsamba. Kenako anatumiza magazi kukayezedwa. Zotsatira zitabwera, anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"Mayi, mankhwalawa si oipa. Amuna anu anawathandiza, inunso akhala akukuthandizani. Koma aliyense timamuyezera wake, ngati mmene inu simungamuveke munthu nsapato ya mnzake. Mwakhala mukumwa wanu ndi wa iwo pamodzi, ndiye minofu yanu yayamba kuwonongeka, ndipo impso zatopa. Mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikukamba zina."

"Ndiye ndisiyiretu?"

"Panopa tiyamba taimitsa, tikuikeni madiripi kuti impso zitsukike. Mukachira tidzakuyezaninso, n'kuona mlingo wokuyenerani, chifukwa mafuta aja sanapite kulikonse. Koma musamadzisiyire nokha, musamadziwonjezere nokha. Ndipo mukadzamva minofu ikuwawa popanda chifukwa, kapena kufooka, kapena mkodzo ukada, musadzadikire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Mayi Chidendene anayang'ana madzi akudontha m'kachubu. Kenako anafunsa funso limene linkamuvuta.

"Nanga kayendedwe kanga, adokotala? Kadzabwerera ngati kale?"

"Tikuyembekeza choncho, mayi. Muziyendanso bwinobwino."

Misozi inatsika mbali zonse ziwiri mpaka m'makutu. Dokotala anamusisita phewa, poganiza kuti ndi misozi ya chimwemwe. Mlamu yekha ndi amene anadziwa kuti akulirira mapazi a Amisiri.

Botolo la Amisiri linatsala kuchipatala komweko. Mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono, kuyambira m'manja. Nyundo inapepukanso, ulusi unayambanso kulira akaukoka, ndipo makasitomala anayambiranso kuuzidwa za mawondo awo asanafunse. Atamuyezanso magazi, anamupatsa sitatini wake, wa mlingo wochepa, n'kumuuza tsiku lobweranso. Nsapato yake yamanzere anaiika soli yatsopano yekha. Yakale ija sanaitaye. Anaiika pa shelefu, pambali pa nsapato zakuda zija.

Madzulo ena, atatseka shopu, anakwera masitepe mpaka pamwamba osagwira khoma. Atafika pakhonde m'pamene anazindikira kuti sanamve kanthu. Anangomva mapazi a mayi mmodzi wopepuka, obwerera kunyumba yopanda munthu. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana uku ndi uku, ngati mwana wofuna kuba shuga, n'kukhwekhwereza dala mwendo wamanzere pa simenti. Khwee. Anamvetsera. Anayesanso. Khutu limene linadziwa mapazi a msewu wonse silikananamizidwa ndi mwini wake.

"Si inu," anatero.

Analowa m'chipinda n'kuyatsa nyale. Dzanja linatulutsa timbale tiwiri monga mwa masiku onse, ndipo analisiya lichite zimenezo. Anaika piritsi lake m'kambale kamodzi. Kenako anakhala moyang'anana ndi kambale kopanda kanthu kaja, akudikira mawu amene ankabwera nthawi ngati imeneyi. Sanabwere. Ndiye anawanena yekha, motsitsa, mmene ankawanenera eni ake.

"Inunso imwani."

Anamwa.