Jezi Yobiriwira ya Achimwene

Fungo la sopo wochapira limandibwezera ku Mufakose, komboni ya kudziko la eni komwe ndinakulira, m'nyengo yozizira ya chaka chomwe achimwene anga a Fatsani anachoka. Anali goloboyi wa timu ya anthu a pafakitale ya ku Willowvale, komwe bambo ankawotcherera zitsulo. Tsiku lina anapita kukagula buledi ndipo sanabwerenso. Posakhalitsa anzawo ena a m'timumo anasowanso. Mumsewu anthu ankanong'onezana kuti awoloka malire kupita ku Mozambique kukalowa nkhondo yomenyera ufulu. Kunyumba sitinkawatchula. Koma Loweruka lililonse amayi ankachapa jezi yawo yobiriwira, ngakhale panalibe woivala, n'kuiyanika pawaya kuseri kwa nyumba.

Timu inatsala ndi anyamata ang'onoang'ono okhaokha. Bambo ndiwo ankasunga majezi ndi kugawira osewera, koma moto wowotcherera unali utawawononga maso, moti patali ankangoona zithunzithunzi. Choncho Lamlungu lililonse ndinkapita nawo kubwalo kukakhala maso awo. Anzanga a kusekondale, omwe ankandiseka kuti Chishona changa chimamveka Chichewa, sankafika kumeneko. Tinkakhala awiriwiri pachulu, fumbi lofiira likulowa m'mano, mphepo ikudutsa m'juzi yanga ya sukulu.

Ntchitoyi ndinaigwira ndi mtima wonse. Ndinkawauza kuti Chamu amathamanga ngati wothawa galu koma amasiya mpira kumbuyo. Zakeyu, mwana wa anthu a ku Tete, anali ndi mwendo wamanzere wabwino, kungoti mpira wa m'mwamba ukamabwera ankatsinzina. Ndinali ndi chikhulupiriro kuti ana amenewa adzagwetsa matimu akuluakulu. Bambo ankangomvetsera, kenaka n'kufunsa funso lomwelomwelo.

"Nanga wa pagolo uja, Esinati?"

Wa pagoloyo anali Tendai, mnyamata woonda yemwe ankagwira atavala malaya ake a kunyumba.

"Akadali mwana, bambo. Amatuluka msanga."

Ankagwedeza mutu ngati akhutira, ndipo pobwerera ankandigulira chimanga chowotcha kwa amayi ena a m'mbali mwa msewu.

Koma Tendai ankaphunzira. Anasiya kutuluka mwachisawawa, anayamba kukuwira otchinga kumbuyo ndi mawu okulirapo kuposa thupi lake. Lamlungu lina, mphepo ya Ogasiti itayamba, anauluka n'kukwatula penate pakona penipeni. Ndinalumpha pachulu paja, ndikuwagwedeza bambo paphewa.

"Bambo, Tendai wakhwima! Akugwira kuposa achimwene!"

Aka kanali koyamba kuti wina wa ife awatchule mokweza. Bambo anavula chipewa, nachiyang'ana kwa nthawi yaitali.

"Waona bwino, mwanawe?"

"Ndaona bwino, bambo."

Tsikulo tinadutsa pa amayi ogulitsa chimanga aja osaima. Loweruka lotsatira amayi anachapa jezi ija monga mwa nthawi zonse, koma itauma bambo anaianula okha, naipinda pabondo. M'mawa mwake Tendai anaivala, manja ake atawapinda chifukwa inamukulira. Kuyambira pamenepo pawaya pathu pankangokhala matawulo ndi ovololo ya bambo.

Nthawi imeneyo ndinkanyadira kuti ndili ndi diso lodziwa mpira, ndipo ndinkadabwa kuti bambo sakusangalala timu itapeza goloboyi. Ndinkaganiza kuti ankafuna kudziwa ngati tidzapambane. Lero, nanenso nditalera ana, ndikuona kuti Lamlungu lililonse ankandifunsa ngati angapitirize kudikira achimwene. Ndipo ine, ndi maso anga abwino aja, ndinawayankha.